GPS imangomva, siilankhula: zoyenera kudziwa musanagule yolumikiza ku wailesi

Mukafunsa njira ya kumudzi wina kuseri kwa Nsaru, palibe amene angakupatseni manambala. Amakuuzani kuti mupitirire chigayo, muwoloke dambo, mukaona chigafa chachitali mukhotere kumanzere, ndipo mukafika pa mjigo mukafunsenso. Kwa munthu woyenda masana m'chilimwe zimenezi n'zokwanira. Koma tiyerekeze kuti ndi mu Febuluwale, mvula yavumba kuyambira m'mamawa, ambulansi yatitimira m'matope penapake pakati pa Kabudula ndi Nambuma, foni ya dalaivala ilibe netiweki, ndipo oti akaikoke ali m'tauni. Usiku ukagwa chigafa chija sichioneka, ndipo wofunsa njira alibe womufunsa.

Anthu a dera lino la Lilongwe akhala akulimbana ndi nkhani ya mauthenga kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi ina dziko lonse linaphunzirako kuno. Mu 2008, mnyamata wina wa pa yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi mafoni ogwiritsidwa kale ntchito komanso laputopu yokhala ndi pulogalamu ya FrontlineSMS. Anthu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, amene kale ankapalasa njinga kapena kuyenda wapansi mitunda yaitali kukangopereka uthenga kuchipatala, anayamba kulemba mameseji. Ntchito imeneyi ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe linafalikira m'mayiko ambiri. Chofooka chake n'chimodzi: meseji imadalira nsanja ya kampani ya foni. Nsanja ikazima, monga zinachitikira m'madera ena a kum'mwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, foni imangosanduka tochi.

Pali gulu la anthu padziko lonse limene limakonda kulankhulana pa wailesi popanda kudutsira ku kampani iliyonse. Amatchedwa ma ham, kapena kuti a wailesi ya amateur. Sachita malonda, amachita chifukwa cha chidwi komanso kufuna kuphunzira, ndipo pakagwa ngozi nthawi zambiri amathandiza. Aliyense amakhala ndi chiphaso ndi dzina loitanira. Mayina a ku Malawi amayamba ndi 7Q, ndipo chiphaso chimachokera ku MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Ma ham a kuno ndi ochepa kwambiri, moti magulu ochokera kunja amabwera dala kudzaulutsa ali pa nthaka ya Malawi, monga anachitira a ku Russia ndi dzina la 7Q7RU mu 2020, chifukwa anzawo kunjako amalakalaka atalankhulapo ndi 7Q.

Mwa zinthu zimene ma ham anapanga, chimene chikutikhudza pano ndi APRS. Mwini nzeruyi anali Bob Bruninga, WB4APR, injiniya wa pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis, amene anamwalira mu Febuluwale 2022. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Kachipangizo ka GPS kamadziwa pamene muli. Kabokosi kena, kotchedwa tracker kapena TNC, kamatenga manambalawo n'kuwasandutsa kaphokoso kakafupi, kongoti tswii kwa pafupifupi sekondi imodzi yokha. Wailesi imaulutsa kaphokosoko, ndipo aliyense amene ali ndi zida zolandirira amaona dzina lanu pa mapu, liwiro lanu ndi kumene mwalowera. Ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito 144.800 MHz, ku North America 144.390 MHz. Pamalo okwera amaikapo siteshoni yobwereza uthenga, digipeater, ndipo ina yotchedwa iGate imaulowetsa pa intaneti kuti uoneke pa tsamba la aprs.fi.

Khutu lopanda pakamwa

Ambiri amaganiza kuti GPS imauza setilaiti pamene iwo ali. Ayi ndithu. Masetilaiti a GPS, amene amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, amangolengeza nthawi ndi pamene iwo ali. Kachipangizo kanu kamamvetsera osachepera anayi, kamawerengera kuti uthenga wa aliyense watenga nthawi yotani kuti ufike, ndipo kamapeza malo ake. Sikatumiza kanthu kumwamba. N'chifukwa chake sikafuna mayunitsi, sikafuna bandulo, ndipo kamagwira ntchito pakati pa munda wa fodya kwa Kalolo chimodzimodzi ngati pa Area 47.

Amalawi tinaphunzira kusiyana kumeneku mowawa mu Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 mwezi umenewo, n'kupezeka tsiku lotsatira. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany anapeza kuti m'ndegemo munali GPS imene inasunga njira imene ndege inadutsa. Koma chipangizo chimene ntchito yake ndi kukuwa ndege ikagwa chinali ndi batire yomwe nthawi yake inatha mu 2004. Kudziwa pamene uli n'kwina, kudziwitsa anzako n'kwinanso. Pa APRS, pakamwa ndi wailesi, ndipo funso lalikulu posankha GPS ndi lakuti kodi ikamvana ndi pakamwapo?

Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Chilankhulo chimene ma tracker amamva chimatchedwa NMEA 0183. Mukalumikiza GPS yotere ku kompyuta mumaona mizere ya zilembo ndi manambala ikutsika sekondi iliyonse. Iwiri ndiyo yofunika: wa RMC, umene umanena malo, liwiro, kolowera ndi tsiku, ndi wa GGA, umene umawonjezerapo kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere ndi chiwerengero cha masetilaiti amene akumveka. GPS imene siitulutsa mizere imeneyi pa waya, kaya ikhale yokongola chotani, pa ntchito ino ilibe phindu.

Kumvana kwake kuli ndi misampha ingapo yaing'onoing'ono imene imadyetsa munthu mutu sabata yathunthu. Liwiro lakale la NMEA ndi 4800 baud, ndipo ma tracker ambiri akale, monga TinyTrak ya kampani ya Byonics, amayembekezera limenelo. Timabolodi totchipa ta u-blox, kampani ya ku Switzerland, monga NEO-6M ndi NEO-M8N, timabwera titaikidwa pa 9600. Zikapanda kufanana, tracker imangokhala duu ngati palibe cholumikizidwa. Kusintha n'kotheka ndi pulogalamu ya u-center, koma onetsetsani kuti kabolodiko kakusunga zimene mwasinthazo mukazimitsa, poti tina timaiwala kabatire kake kakang'ono kakatha. Msampha wachiwiri ndi wa mphamvu ya magetsi pa waya wa uthenga. Zida zakale zimalankhula RS-232, timabolodi tatsopano timalankhula TTL ya mavoti 3.3. Kulumikiza ziwirizi mwachindunji, zikakukomerani sizimvana chabe, zikakuipirani kabolodi kamapsa. Pamafunika kachipangizo kosinthira pakati, monga MAX3232.

Wachitatu ndi umene ine ndimauona kuti ngwankhanza kuposa yonse, chifukwa chilichonse chimaoneka ngati chili bwino. GPS zakale zinkamva masetilaiti a America okha, ndipo mizere yake inkayamba ndi GP: GPRMC, GPGGA. Zatsopano zimamvanso GLONASS ya Russia, Galileo ya Ulaya ndi BeiDou ya China, ndipo zikaphatikiza zimalemba GN: GNRMC, GNGGA. Tracker yakale imafuna GP basi. Kanyali kakuphethira, malo apezeka, mizere ikutsika bwinobwino pa kompyuta, koma wailesi ili chete chifukwa cha chilembo chimodzi. Mankhwala ake ndi kulowa mu u-center n'kuuza kabolodi kuti kazilemba GP, kapena kuzimitsa masetilaiti enawo.

Za USB ndinene mwachidule. GPS yokhala ndi USB yokha ndi ya kompyuta kapena kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, singalowe mu tracker wamba. Garmin GPS 18x, imene ma ham ambiri amaikonda chifukwa siilowa madzi ndipo ili ndi maginito omatira padenga la galimoto, ilipo ya mitundu ingapo. Ya PC ndi ya LVC zimatulutsa NMEA pa waya, ya USB ayi. Ngati mukutuma wachibale ku Joni kuti akugulireni, mulembereni zilembozo momveka bwino.

Musalipirire masentimita

Wogulitsa adzakuuzani kuti yakeyo ndi yolondola kwambiri. Mumufunse kuti kulondolako mukakutani nako. Uthenga wamba wa APRS umalemba malo m'madigiri, maminiti ndi manambala awiri a pambuyo pa kadontho. Gawo laling'ono kwambiri pamenepo ndi mamita pafupifupi 18. Kabolodi kotchipa kali pabwalo loyera kamaphonya ndi mamita atatu kapena asanu okha. Ndiye kuti GPS yotsika mtengo yaposa kale zimene uthengawo ungathe kunyamula. Zida zolondola mpaka masentimita ndi za anthu oyeza malo, monga amene akulemba minda ya makolo potsata lamulo la malo la 2016, kapena akatswiri a kampani ya Sovereign Metals amene akhala akubowola nthaka ku Kasiya pofufuza miyala ya rutile ndi graphite. Iwowo mita imodzi ndi mlandu. Inu mukungofuna kudziwa kuti njinga ili tsidya lino la mtsinje kapena tsidya linalo.

Mawu akuti WAAS ndi EGNOS olembedwa pa katoni asakukopeninso. Imeneyi ndi njira yowongolera GPS imene inapangidwira North America ndi Ulaya, kuno siikuwonjezerani kanthu. Zoti GPS imawerenga malo kakhumi pa sekondi ndi za madroni ndi magalimoto a mpikisano. Pa msewu wafumbi wa ku Kabudula, kamodzi pa sekondi n'kokwanira, popeza tracker imaulutsa pakapita mphindi imodzi kapena zingapo. Ma tracker abwino ali ndi nzeru yotchedwa SmartBeaconing: mukaima amaulutsa patalipatali, mukathamanga pafupipafupi, mukakhota amaulutsa pomwepo. Nzeru imeneyi imadalira liwiro ndi kolowera za mu mzere wa RMC uja.

Kulakwitsa kwakukulu kumachokera kwa anthu, osati kwa masetilaiti. Alangizi a zaulimi, makampani a fodya oyeza minda ya alimi a pa kontrakiti ndi mabungwe olemba mijigo akhala akuyenda ndi ma Garmin eTrex achikasu m'midzi muno kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo amapezeka akugulitsidwa. Akale aja, monga eTrex H, ali ndi potulukira NMEA ndipo amagwira ntchito bwino, pamene eTrex 10 ndi anzake atsopano ali ndi USB yokha. Mukapeza yakale, yang'anani datum, ndiye kuti maziko a mapu amene chidacho chikuwerengerapo malo. APRS imafuna WGS 84. Mapu akale a boma a ku Malawi anajambulidwa pa Arc 1950, ndipo chida chimene mwini wake woyamba anachiika pamenepo chikhoza kukusunthani ndi mamita pafupifupi 200. Yang'ananinso tsiku. GPS imawerenga masabata mpaka 1,024 n'kuyambiranso, ndipo izi zinachitika komaliza pa 6 Epulo 2019. Zida zina zakale kuchokera pamenepo zimaonetsa chaka cholakwika ngakhale malo zikupeza bwino.

Palinso kulakwitsa kwa powerenga. Uthenga wochokera mumzinda wa Lilongwe umaoneka chonchi: 1359.00S ndi 03346.00E, kutanthauza madigiri 13 ndi maminiti 59 kum'mwera, madigiri 33 ndi maminiti 46 kum'mawa. Munthu wofulumira akalemba 13.59 ndi 33.46 pa Google Maps, kadontho kake kakagwera kumpoto cha kumadzulo, kuseri kwa Kabudula, makilomita oposa 50 kuchokera pamene pali mwini uthenga. Akaiwalanso kusonyeza kuti ndi kum'mwera, amapezeka ali ku Sudan.

Fumbi, malata ndi batire ya njinga

Mvula siyenera kukudetsani nkhawa. Uthenga wa GPS, pa 1575.42 MHz, umadutsa mitambo ndi mvula mosavuta, mosiyana ndi dishi ya kanema imene imaduka kukangochita mdima. Adani ake ndi malata, zipupa zochindikala ndi mitengo yothithikana. Chigwa cha Lilongwe pa nkhaniyi n'chokoma, thambo lili poyera mbali zonse kuyambira ku Mpingu mpaka ku mtsinje wa Bua. Eriyo ya GPS, kambale kakang'ono ka makona anayi kaja, iziyang'ana kumwamba. M'galimoto ikani pa dashibodi kapena kunja padenga. Pa njinga yamoto musaiike pansi pa thanki kapena m'bokosi lachitsulo, pulasitiki ndiyo imalola uthenga kudutsa.

Muitalikitsenso ndi eriyo ya wailesi. Uthenga wa setilaiti umafika pansi uli wofooka kwambiri, moti wailesi ya mawati asanu ikaulutsa pafupi imaigonthetsa GPS kwa kanthawi. Matchaja otchipa a foni olumikiza ku batire ya njinga nawonso amatulutsa phokoso la magetsi losokoneza zonse ziwiri. Batire ya njinga ya kabaza siikhala pa mavoti 12 mokhazikika, imakwera ndi kutsika malinga ndi moto, choncho pakati pamafunika regulator yabwino ndi fyuzi. GPS yokha siidya magetsi ambiri, imene imamaliza batire ndi wailesi.

Kabatire kakang'ono ka pa bolodi kaja n'kofunika kuposa mmene kakuonekera. GPS imene yaiwala zonse imatenga theka la mphindi kapena kuposerapo kuti ipeze malo, ndipo pansi pa mtengo wa mango ikhoza kutenga mphindi zambiri. Imene yasunga nthawi ndi malo a masetilaiti imadzuka m'masekondi ochepa. Kwa munthu woimaima pa sitolo iliyonse n'kuzimitsa injini, kusiyana kumeneku ndiko kumasankha ngati njira yake ioneke yonse pa mapu kapena yodukaduka.

Pa misika ya pa intaneti pali timabolodi tambiri tolembedwa u-blox koma m'kati muli zina, chikomekome cha mkuyu. Tina timagwira ntchito ndithu, koma timakana kusinthidwa liwiro kapena zilembo zija, ndiye kuti ku tracker yakale sitingalowe. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, kugula kawiri n'kowawa. Kabolodi kakafika, kayeseni kaye pa kompyuta panja musanawotcherere waya uliwonse.

Kwa woyamba kumene, ine ndinganene kuti asagule GPS n'komwe. Foni ya Android ili nayo kale, ndipo imagwira popanda netiweki, kungoti imachedwerapo kupeza malo koyamba. Pulogalamu ya APRSdroid imatenga malowo n'kuwapereka ku wailesi kudzera pa waya wa mawu kapena kabokosi ka Bluetooth monga Mobilinkd. Foni siikonda dzuwa la mu Okutobala pa chiwongolero, ndiponso mabampu amaiwononga, koma pophunzirira palibe chotchipa kuposa pamenepa. Amene thumba lawo ndi lolemera angagule wailesi yokhala ndi zonse m'kati, monga Kenwood TH-D74 kapena Yaesu FT5D, ndipo mavuto onse a mawaya aja sawaona. Palinso timabolodi ta LoRa monga T-Beam, tokhala ndi GPS ndi kawailesi kake, todya magetsi ochepa zedi. Ku Ulaya amatigwiritsa ntchito pa 433.775 MHz, koma timafuna masiteshoni olandirira a mtundu wake womwewo.

Akumva ndani?

Zonsezi zikatheka, mwaulutsa kaphokoso kanu pa msika wa Nsaru. Wamva ndani? Wailesi ya pa 144 MHz imafika pafupifupi pamene maso angafike. Ya m'manja kulankhula ndi inzake, zonse zili pansi, ndi makilomita ochepa chabe. Koma yolandira ikakhala ndi eriyo pamwamba pa thanki ya madzi kapena pa phiri, mtunda umakwera kufika makumi angapo, ndipo dera lathyathyathya ngati lathuli limathandiza. Tsegulani aprs.fi muyerekeze Gauteng ndi chigawo chapakati cha Malawi, muona nokha kuti chimene tikusowa si GPS. Tikusowa masiteshoni omvetsera. Siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS, imene imazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, imabwereza mauthenga a APRS pa 145.825 MHz ikakhala yoyatsa, ndipo n'zosangalatsa kuyesa ndi ana asukulu. Koma imaoneka kwa mphindi khumi zokha pa ulendo umodzi, si yoti mungaidalire ambulansi ikatitimira.

Siteshoni yomvetsera si chinthu chodula moopsa. Raspberry Pi, pulogalamu yaulere ya Dire Wolf, kachipangizo kolandirira ka RTL-SDR, eriyo yoti munthu akhoza kupanga yekha ndi waya wa kopa, sola ndi batire, basi iGate yatheka. Namitete ili ndi sukulu ya ntchito zamanja, Chitedze ili ndi malo ofufuzira zaulimi, ndipo Kabudula ndi Nambuma kuli zipatala ndi masukulu. Aphunzitsi awiri kapena atatu a sayansi okhala ndi ziphaso, atagwirizana ndi eni malo amenewa, akhoza kuchititsa kuti mbali yaikulu ya msewu wa Mchinji ndi midzi ya kumpoto kwake izimveka.

Mawu awiri kwa anyamata a kabaza, amene ndikudziwa kuti ena awerenga mpaka pano akuganiza za akuba njinga. APRS si yanu pa ntchito imeneyo. Malamulo a wailesi ya amateur salola malonda, salolanso kubisa uthenga, ndiye kuti pamene mwagoneka njinga usiku aliyense wa foni akhoza kupaona, wakuba yemwe. Inu mukufunika tracker ya simu khadi yokhala ndi nambala yachinsinsi. Ngakhale ma ham eni ake, anzeru amazimitsa tracker asanafike pakhomo. Ambulansi ya chipatala nayonso siingayendere APRS tsiku ndi tsiku ngati njira yake yantchito, koma ma ham odzipereka akhoza kuthandiza nayo pa nthawi ya ngozi. Ndipo wailesi za m'manja za Baofeng zimene zikugulitsidwa m'masitolo sizibwera ndi chilolezo m'katoni. Kuulutsa popanda chiphaso ndi mlandu.

Choncho ngati nkhaniyi yakugwirani mtima, yambirani ku MACRA mukafunse za chiphaso cha amateur, ndipo muwafunsenso ma frequency amene chiphasocho chikulola. Phunzirirani pa foni imene muli nayo. Ikafika nthawi yogula GPS, tengani yotulutsa NMEA pa waya, yolola kusintha liwiro ndi zilembo za GP, yokhala ndi kabatire kosungira, ndipo muitsekere m'kabokosi ka pulasitiki kosalowa fumbi ndi madzi. Ndalama zimene mwapulumutsa pokana yodula, gulirani eriyo yabwino ndi sola ya siteshoni yomvetsera.